Ampulifaya Yong'ung'uza ndi Yopsereza Fyuzi

Pa ukwati, pa msonkhano, m'tchalitchi, mu mzikiti kapena pa tsiku la maseŵero a sukulu pamasonkhana anthu ambirimbiri. Mawu a munthu mmodzi sangathe kufika kwa onsewo. Pa chifukwa chimenechi eni zochitika amabweretsa zokuzira mawu. Zipangizo zimenezi zili ndi mbali zitatu. Mbali yoyamba ndi maikolofoni, pamene munthu amalankhulirapo. Mbali yotsiriza ndi sipika, kumene mawu amatulukira. Pakati pa ziŵirizi pali bokosi lachitsulo lolemera ndithu, lotchedwa ampulifaya. Bokosi limeneli ndilo limapatsa mawu mphamvu.

Monga zipangizo zina zonse, ampulifaya imawonongeka. Mavuto aŵiri amene amaoneka kaŵirikaŵiri ndi aŵa: kung'ung'uza kosalekeza monga chikhwekhwe cha njuchi, ndiponso kupsereza fyuzi nthaŵi iliyonse imene yayatsidwa. Nthaŵi zina mavuto onse aŵiriŵa amabwera pamodzi. Anthu osadziŵa amayesa kuwathetsa mwachidule, koma chidule chawocho chimawononga chipangizo cha ndalama zambiri. Pena chimabutsa moto m'nyumba, ndipo pena chimaphetsa munthu. Motero nkofunika kudziŵa kumene mavutoŵa amachokera ndiponso m'mene mmisiri wodziŵa ntchito amawafufuzira.

Ntchito ya ampulifaya

Munthu akamalankhula, mpweya umanjenjemera. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemerako kukhala magetsi ofooka kwambiri, oti sangathe kugwedeza sipika. M'kati mwa sipika muli maginito, waya wopombeza ndi pepala lolimba looneka ngati mbale. Kuti pepalalo ligwedezeke mpaka mawu amveke kutali, pamafunika magetsi amphamvu.

Ampulifaya siitambasula magetsi ofooka aja ngati mphira. Zimene imachita zikufanana ndi mwana amene waima pa mpopi. Dzanja la mwanayo ndi laling'ono, koma akapotokola mpopi madzi ambiri amatuluka, ndipo akabweza madziwo amachepa. Momwemonso magetsi ofooka ochokera ku maikolofoni amatsekula ndi kutseka njira ya magetsi amphamvu amene ali kale m'bokosimo. Magetsi amphamvuwo amatsanzira kukwera ndi kutsika kwa mawu a wolankhula, kenaka napita ku sipika.

Kachipangizo koyamba kogwira ntchito ya mpopi umenewu kadapangidwa ku America m'chaka cha 1906 ndi Lee de Forest. Kadali kagalasi kooneka ngati babu, ndipo kamatchedwa vavu. Mavavu amatentha kwambiri, ndipo ena amafuna magetsi oposa mavoliti 400. M'chaka cha 1947 akatswiri a ku Bell Laboratories, ku America komweko, adatulukira thiranzisita, imene ndi yaing'ono ndiponso yosasweka msanga. Akatswiri atatu, John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley, adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1956 chifukwa cha ntchito imeneyi. Masiku ano maampulifaya ambiri ndi a mathiranzisita, ngakhale oimba gitala ena amakondabe a mavavu chifukwa cha kukoma kwa mawu ake.

Ulendo wa magetsi m'kati mwa bokosi

Magetsi a m'batire amayenda cholunjika kumodzi, monga madzi a mu mtsinje. Magetsi a m'nyumba satero. Iwo amapita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo monga macheka a mmisiri wa matabwa. M'Malaŵi magetsi a m'nyumba ndi a mavoliti 230, ndipo amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi imodzi. Liŵiro limeneli limachokera ku makina opukusa magetsi. Ambiri mwa makinaŵa ali pa mtsinje wa Shire: pa Nkula, pamene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, pa Tedzani, pamene adayamba mu 1973, ndi pa Kapichira, pamene adayamba mu 2000. Ku America magetsi a m'nyumba amapita ndi kubwerera maulendo 60 pa sekondi.

Mathiranzisita sangagwire ntchito ndi magetsi opita uku ndi uku. Amafuna magetsi odekha, onga a batire. Tsono magetsi akaloŵa m'ampulifaya ya mtundu wozoloŵereka amadzera pa zipata zinayi.

Chipata choyamba ndi fyuzi, imene ndi mlonda wa chipangizo chonse.

Chipata chachiŵiri ndi thiransifoma. Ichi ndi chitsulo cholemera chija, chopangidwa ndi timapale tachitsulo tosanjikizana, tokulungidwa ndi mawaya a mkuwa. Ntchito yake ndi kutsitsa mavoliti 230 kuti afike pa muyeso woyenera mathiranzisita. Nzeru imene thiransifoma imagwirira ntchito adaitulukira ndi Michael Faraday wa ku England m'chaka cha 1831.

Chipata chachitatu ndi madayodi, amene kaŵirikaŵiri amakhala anayi. Dayodi ili ngati vavu ya chubu cha njinga, imene imalola mpweya kuloŵa koma osatuluka. Madayodi amakakamiza magetsi kuyenda kumodzi. Komabe magetsiwo amatuluka modukizadukiza, maulendo 100 pa sekondi imodzi, monga madzi a pa mjigo amene amatuluka pokhapokha wopopa akatsitsa chogwirira.

Chipata chachinayi ndi makapasita akuluakulu, ooneka ngati tizitini toimirira. Kapasita ili ngati thanki. Madzi odukizadukiza a pa mjigo akathiridwa m'thanki, wotunga ku mpopi wa pansi pa thankiyo amalandira madzi oyenda bwinobwino. Chimodzimodzinso kapasita imasunga magetsi ndi kuwatulutsa mosadukiza. Apa m'pamene magetsi amakhala okonzeka kupita ku mathiranzisita.

Kumene kung'ung'uza kumachokera

Khutu la mwana wathanzi limamva kunjenjemera kuyambira maulendo 20 mpaka pafupifupi 20,000 pa sekondi imodzi. Choncho kunjenjemera kwa maulendo 50 kapena 100 kumamveka bwino lomwe, ngati besi wotsika kwambiri. Kung'ung'uza kwa ampulifaya ndi kugunda kwa magetsi a m'nyumba kumene kwapeza mpata woloŵera ku sipika. Mipata yake ndi ingapo.

Mpata woyamba ndi makapasita okalamba. M'kati mwa kapasita yaikulu muli timapepala tonyoŵa ndi mankhwala. Pakapita zaka, makamaka ngati bokosi limatentha kwambiri, mankhwalawo amauma. Kapasita youma ili ngati thanki yaing'ono yosasunga madzi. Magetsi amafika ku mathiranzisita ali odukizadukiza, ndipo sipika imang'ung'uza maulendo 100 pa sekondi. Kung'ung'uza kotere sikuleka ngakhale munthu atsitse voliyumu mpaka pansi. Kapasita ina yowonongeka imatupa pamwamba kapena kuchucha, koma ina imaoneka yabwinobwino kunja. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mpata wachiŵiri ndi mawaya a maikolofoni kapena a gitala. Waya wotere ali ndi kawaya kam'kati konyamula mawu, ndipo kunja kwake kuli timawaya toluka ngati mkeka. Timawaya tolukato ndi chishango chotchinga kugunda kwa magetsi a m'makoma ndi a nyali zapafupi. Chishangochi chikaduka chifukwa cha kupondedwa kapena kukokedwa, kugunda kuja kumaloŵa ndipo ampulifaya imakukuza pamodzi ndi mawu. Nchifukwa chake munthu akakhudza nsonga ya waya wa gitala ndi chala, sipika imabangula. Thupi lake latola kugunda kwa magetsi a m'chipindamo. Kung'ung'uza kwa mtundu umenewu kumakula munthu akakweza voliyumu, ndipo kumachepa akatsitsa.

Mpata wachitatu umatseguka pamene zipangizo ziŵiri zolumikizana, monga ampulifaya ndi limba lamagetsi, zalumikizidwa ku masoketi otalikirana. Timagetsi tochepa timayamba kuzungulira kudzera m'chishango cha waya wolumikiza zipangizozo, ndipo timamveka ku sipika. Kaŵirikaŵiri vutoli limatha zipangizo zonse zikatenga magetsi pa malo amodzi. Anthu ena amalithetsa podula waya wa ethi wa m'pulagi. Kumeneku ndi kuputa imfa, pakuti waya ameneyu ndiye amateteza munthu wogwira maikolofoni ngati magetsi akhudza chitsulo cha bokosi.

Palinso kung'ung'uza kosachokera ku sipika koma m'bokosi mwenimweni. Kumeneku kumachitika pamene timapale ta thiransifoma kapena mabawuti ake akhwepa, ndipo chitsulo chikunjenjemera.

Fyuzi, mlonda wodzipereka

Fyuzi ndi kawaya kopyapyala kotsekeredwa m'kabotolo kagalasi kapena kadothi loyera, kokhala ndi zisoti zachitsulo mbali zonse ziŵiri. Thomas Edison adalembetsa fyuzi ya mtundu wake ku boma la America m'chaka cha 1890. Magetsi akamayenda m'waya, wayayo amafunda. Akachuluka kopitirira muyeso, wayayo amatentha mpaka kusungunuka. Opanga zipangizo amaika dala malo amodzi ofooka, kuti ngozi ikabwera malo amenewo ndiwo ayambe kuduka. Fyuzi imapsa kuti thiransifoma, mawaya ndi nyumba zisapse.

Kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya kumayezedwa m'maampeya, ndipo fyuzi iliyonse ili ndi nambala yosonyeza maampeya amene ingapirire. Mapulagi a mano atatu amene amagwiritsidwa ntchito m'Malaŵi ndi ofanana ndi a ku Britain, ndipo m'kati mwake mumakhala fyuzi. Ya maampeya 3 imalembedwa ndi utoto wofiira, ndipo ya maampeya 13 ndi utoto wofiirira ngati khofi. Masamu ake ndi osavuta. Mavoliti akachulukitsidwa ndi maampeya, yankho lake ndi mawati, amene ndi muyeso wa mphamvu imene chipangizo chikudya. Mavoliti 230 kuchulukitsa ndi maampeya 3 ndi mawati 690. Mavoliti 230 kuchulukitsa ndi maampeya 13 ndi mawati 2,990. Tsono ampulifaya imene imadya mawati 230 imakoka ampeya imodzi yokha.

Kuwonjezera pa fyuzi ya m'pulagi, ampulifaya imakhala ndi fyuzi yakeyake kumbuyo kapena m'kati. Pa chisoti chake pamalembedwa nambala ndi chilembo. Chilembo F chimatanthauza fyuzi yopsa msanga, pamene chilembo T chimatanthauza fyuzi yoleza mtima pang'ono. Kusiyana kumeneku nkofunika. Ampulifaya ikangoyatsidwa, thiransifoma ndi makapasita opanda kanthu aja zimakoka magetsi ambiri kwa kanthaŵi kochepa kwambiri, monga ng'ombe yaludzu ikafika pa dambo. Fyuzi ya T imapirira kanthaŵi kameneka. Munthu akaika ya F m'malo mwa ya T, fyuziyo ikhoza kupsa ngakhale chipangizo chilibe vuto lililonse.

Fyuzi ikhoza kupsa kamodzi chifukwa cha kukalamba kapena chifukwa cha kubwera mwamphamvu kwa magetsi. Koma ngati yatsopano, ya nambala ndi chilembo choyenera, yapsanso, ndiye kuti m'bokosimo muli vuto. Apa m'pamene anthu ambiri amalakwa. Amaona ngati fyuzi ndiyo mdani, motero amaikapo yaikulu, kapena amaikulunga ndi kapepala konyezimira, kapenanso amaloŵetsapo msomali. Msomali susungunuka. Magetsi amapitirira kuthamanga, thiransifoma imayamba kufuka utsi, ndipo vuto limene likadatha ndi kadayodi kotsika mtengo limasanduka chipangizo chotayika. Wakutsina khutu ndi mnansi. Fyuzi yopsa ndi chenjezo loyenera kulimvera.

Zimene zimapsereza fyuzi

Chopsereza fyuzi chachikulu ndi shoti. Shoti imachitika pamene magetsi apeza njira yachidule yobwerera kumene achokera osadzera m'zipangizo zimene amayenera kuzitumikira. Poti panjirapo palibe chowatchinga, amathamanga ochuluka kwambiri nthaŵi imodzi.

Shoti ikhoza kukhala pa waya wa magetsi amene chikopa chake chasupuka kapena chadyedwa ndi makoswe. Ikhoza kukhala ku mawaya a sipika, pamene kawaya kamodzi kothothoka kakhudza mnzake. Ikhozanso kukhala m'kati: dayodi ikapsa imayamba kulola magetsi kudutsa mbali zonse ziŵiri, kapasita ikhoza kubooka m'kati, ndiponso mathiranzisita akuluakulu otumiza mphamvu ku sipika akhoza kupsa ndi kusanduka ngati waya wamba. Dayodi kapena thiranzisita ikawonongeka chotere, kaŵirikaŵiri sipika imang'ung'uza mwamphamvu kwa kanthaŵi, kenaka fyuzi nkupsa. Umu ndi m'mene mavuto aŵiri aja amakhalira ndi gwero limodzi.

Chopsereza fyuzi china ndi katundu wopitirira muyeso. Sipika iliyonse imatchinga magetsi pang'ono, ndipo kutchingako kumayezedwa m'maomu. Masipika ambiri ndi a maomu 8. Masipika aŵiri otere akalumikizidwa pa malo amodzi, uku ndi uku mofanana, maomu amatsika kufika pa 4. Akakhala anayi, maomu amatsika kufika pa 2. Maomu akamachepa, magetsi okokedwa amachuluka. Ampulifaya imene kumbuyo kwake kwalembedwa kuti siyenera kutsika kuposa maomu 4 ikapatsidwa masipika anayi otere, imatentha ngati mbaula, ndipo fyuzi kapena mathiranzisita amapsa nyimbo zili m'kati.

Zipangizo zogulidwa kunja nazonso zimafuna kusamala. Ku America magetsi a m'nyumba ndi a mavoliti 120, ndipo ku Japan ndi a mavoliti 100. Ampulifaya yopangidwira maiko amenewo ikalumikizidwa ku mavoliti 230 imapsereza fyuzi nthaŵi yomweyo, ndipo pena imawonongekeratu. Zipangizo zina zili ndi kaswitchi kumbuyo kosankhira mavoliti, ndipo kaswitchiko kayenera kuonedwa chipangizo chisanayatsidwe.

M'mene mmisiri amafufuzira

Mmisiri wabwino amagwira ntchito monga dokotala. Sayamba ndi kung'amba. Amayamba ndi mafunso. Kodi fyuzi imapsa pongoyatsa, kapena patapita nthaŵi? Kodi kung'ung'uza kudayamba pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi? Kodi padagwa mphezi? Kodi chipangizo chidanyoŵa, chidagwa pansi, kapena chidalumikizidwa ku jenereta? Mayankho a mwini chipangizo amafupikitsa ntchito. Fyuzi yopsa pongoyatsa imasonyeza shoti. Fyuzi yopsa nyimbo zitaimbidwa mokweza kwa nthaŵi ndithu imasonyeza kutentha kapena kuchuluka kwa masipika.

Kenaka mmisiri amayang'ana fyuzi yopsayo. Ngati galasi lada bii m'kati, ndiye kuti kawaya kadaphulika ndi magetsi ochuluka kwambiri, ndipo shoti yake ndi yaikulu. Ngati galasi lili loyera ndipo kawaya kangoduka pakati, ndiye kuti magetsi adangopitirira muyeso pang'ono, kapena fyuziyo idatopa.

Pofufuza kung'ung'uza, iye amazula mawaya onse a maikolofoni ndi a zoimbira, nkusiya sipika yokha. Phokoso likatha, amadziŵa kuti ampulifaya ilibe mlandu. Tsono amabwezera mawayawo limodzilimodzi mpaka phokoso libwerere, ndipo waya wotsiriza kubwezeredwa ndiye wolakwa. Phokoso likapanda kutha, amatsitsa voliyumu. Ngati lachepa, vuto lili ku mbali yolandira mawu. Ngati silinasinthe, vuto lili ku makapasita, ku madayodi kapena ku mathiranzisita akuluakulu. Lamulo lake ndi lakuti asinthe chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi. Wosintha zinthu zitatu pamodzi sadziŵa chimene chathandiza.

Asanatsekule bokosi, mmisiri amazula pulagi ku soketi. Ngakhale atatero, sakhudza m'kati msanga, pakuti makapasita amasunga magetsi chipangizo chitazimitsidwa kale. Amayamba wawakhuthula ndi kachipangizo kake, nayeza ndi mita kuti atsimikize kuti atheradi. Akatero amagwiritsa ntchito maso ndi mphuno. Amafunafuna malo akuda, kapasita yotupa, waya wosupuka, mtovu wong'aluka ndi fungo la chinthu chopserera. Si zachilendo kupezamo mphemvu kapena buluzi wouma atagona pamwamba pa timawaya tiŵiri.

Ngati maso sanaone kanthu, mita ndiyo imathandiza. Mmisiri amayeza madayodi limodzilimodzi. Dayodi yabwino imalola magetsi a mita kudutsa mbali imodzi yokha, koma yowonongeka imawalola mbali zonse. Amayezanso mathiranzisita ndi makapasita. Pofuna kudziŵa ngati thiransifoma ili bwino, amaimasula ku zipangizo zonse zimene imadyetsa. Fyuzi ikapsabe thiransifoma ili yokha, ndiye kuti mawaya ake a mkuwa adapsa ndi kukhudzana m'kati.

Kuti asamangotha mafyuzi poyesa, amisiri ali ndi nzeru ina yokoma. Amadutsitsa magetsi m'babu lamtundu wakale, la kawaya koyaka m'kati, la mawati 60 kapena 100, asanafike ku ampulifaya. Ngati chipangizo chili bwino, babulo limaŵala kamodzi pamene makapasita akudzaza, kenaka limazilala. Ngati muli shoti, babulo limaŵalabe kwambiri, ndipo limatchinga magetsi kuti asawononge zina. Motero babu limanena zoona popanda kupsereza kanthu.

Chowonongeka chikapezeka, mmisiri amachichotsa ndi kumatapo china cha muyeso wofanana. Poika kapasita amasamala mbali yake, chifukwa yoikidwa chozondoka imatupa ndipo ikhoza kuphulika. Amafufuzanso chimene chidaononga chinthucho, pakuti thiranzisita yatsopano idzapsanso ngati mawaya a sipika akukhudzanabe. Potsiriza amaika fyuzi yoyenera, amayesa ndi babu lija, ndipo amasiya chipangizo chikuimba motsitsa kwa nthaŵi ndithu asanachipereke kwa mwini wake. Ntchito yonseyi imafuna kudekha, monga mwambi umanenera kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Kusamala chipangizo ndi moyo

Mavuto ambiri a ampulifaya angathe kupewedwa. Chipangizochi chiyenera kukhala pa malo ouma ndi opita mphepo. Timaboŵo ta pa bokosi ndi totulutsira kutentha, choncho si bwino kutiphimba ndi nsalu pamene chikugwira ntchito. Voliyumu iyenera kutsitsidwa chipangizo chisanayatsidwe ndiponso chisanazimitsidwe. Mawaya a sipika ayenera kulumikizidwa chipangizo chili chozima. Magetsi akathima, kapena kukamachita ziphaliŵali, ndi nzeru kuzula pulagi ku soketi. Pozula, munthu agwire pulagi yeniyeniyo, osati kukoka waya.

Mwana wa sukulu sayenera kutsekula ampulifaya, wailesi ya magetsi kapena pulagi. Komabe pali zambiri zimene angathandize. Akamva fungo la kupserera, akaona utsi kapena waya wosupuka, auze munthu wamkulu msanga. Akaona wina akuika msomali kapena kapepala konyezimira m'malo mwa fyuzi, amufotokozere mwaulemu kuopsa kwake. Moto wa magetsi suzimitsidwa ndi madzi, chifukwa madzi amanyamula magetsi. Choyamba ndi kuzimitsa switchi yaikulu, kenaka kuthira mchenga wouma. Munthu amene wagwidwa ndi magetsi sayenera kukhudzidwa ndi manja. Wothandiza azimitse magetsi, kapena amukankhe ndi mtengo wouma ataima pa malo ouma, kenaka athamangire naye ku chipatala.

Luso lokonza zipangizo zamagetsi limaphunziridwa m'sukulu za ntchito zamanja ndiponso kwa amisiri odziŵa. Anyamata ndi atsikana omwe angathe kuliphunzira. Limafuna masamu, kuŵerenga bwino malangizo, kufunsa mafunso ndi kuleza mtima, ndipo zonsezi zimayambira m'kalasi.

Mawu ofunika kuwadziŵa

kung'ung'uza, kunjenjemera, modukizadukiza, chishango, kukhwepa, kusupuka, kuzilala, chozondoka, gwero

Mafunso

1. Tchulani mbali zitatu za zokuzira mawu ndi ntchito ya mbali iliyonse.
2. Kodi magetsi a m'batire amasiyana bwanji ndi magetsi a m'nyumba?
3. Kodi kapasita ikufanana bwanji ndi thanki ya madzi?
4. Mmisiri watsitsa voliyumu koma kung'ung'uza sikunasinthe. Kodi vuto lingakhale kuti?
5. Chifukwa chiyani fyuzi yatchedwa mlonda wodzipereka?
6. Fotokozani kusiyana kwa fyuzi ya F ndi fyuzi ya T.
7. Nchifukwa chiyani nkoopsa kukhudza m'kati mwa ampulifaya ngakhale pulagi itazulidwa?
8. Kodi babu limamuthandiza bwanji mmisiri?
9. Kodi mungatani mutapeza munthu wagwidwa ndi magetsi?

Ntchito

(a) Pezani miyambi itatu imene ili m'nkhaniyi ndipo mufotokoze tanthauzo la mwambi uliwonse.

(b) Pangani ziganizo zanuzanu ndi mawu aŵa: chishango, gwero, kuzilala, kudekha.

(c) Chipangizo china chimakoka maampeya 2 pa mavoliti 230. Kodi chimadya mawati angati?

(d) Lembani ndime imodzi yolangiza mnzanu amene akufuna kuika msomali m'malo mwa fyuzi.